Kakolo wa Anangozo

Ndinawaona koyamba m'mawa wina wa mwezi wa Juni, chaka cha 1994, ndikusesa pabwalo pathu ku Kawale 2. Kunali chisanu choopsa. Ndinamva mapazi olemera, di di di, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona mayi wamkulu thupi, wa zaka ngati makumi asanu, akuthamanga pakati pa msewu wafumbi, chitenje atachikwezera m'mawondo, mpango uli m'manja. Kwathu kuno mayi wa msinkhu umenewo sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti kwagwa zovuta, kapena mwana wapsa ndi moto, kapena mwalowa wakuba. Bambo Kasimu, amene ankasoka nsapato pakhonde la golosale, anatola mpini n'kuyamba kuwatsatira akukuwa kuti, "Wakuba! Mgwireni!" Amuna ena atatu anatulukanso, wina ali ndi thaulo lokha m'chiuno. Atafika pa mpopi wa madzi mayi aja anaima, akupuma mwa wefuwefu, n'kuwayang'ana onsewo.

"Walowera kuti?" anafunsa Bambo Kasimu.

"Ndani?"

"Wakubayo, mayi."

"Palibe wandibera ine. Ndikungothamanga. Ngati mukufuna tiyeni, tikatembenukira ku Biwi."

Amenewo anali Mayi Jemima Saulos, koma tonse tinkawatchula ndi mfunda wawo, Anangozo. Kwawo kunali ku Ntcheu. Ankagulitsa kaunjika mu msika wa Kawale, ndipo amuna awo, Bambo Saulos, anali kalaliki wa m'boma komanso mkulu wa mpingo. Anali atangosamukira m'nyumba ya kuseri kwathu.

Ine sindine wolankhulalankhula. Mwamuna wanga anali atamwalira chaka cham'mbuyo, n'kundisiyira ana awiri amapasa, ndipo anthu ankangonditchula Amake Mapasa. Anayamba kundilankhula ndi iwowo, tili pamzere wotunga madzi.

"Mumandiyang'ana tsiku lililonse, tsache lili m'manja. Funsanitu."

Ndinachita manyazi, koma iwo anapitiriza okha. "Mkulu wanga anamudula chala cha kuphazi, kenako mwendo wonse, kenako tinakamuika. Shuga. Mayi anga chimodzimodzi. Tsopano adokotala akuti nanenso ndili naye, ndiponso magazi akuthamanga. Akuti mapiritsi okha sakwanira, thupili lichepe, ndiziyenda mpaka thukuta. Koma ine ku pulayimale ndinkasewera ntchemberembaye, kuyenda kumandichedwetsa. Mwendo wangawu sapita nawo, ndikukuuzani."

Ankathamanga masiku onse kupatula Lamulungu. Anyamata oitanira minibasi ankawakuwiza kuti, "Masteni, yotsala ndi imodzi, kwerani musafe!" Iwo ankayankha osaima, "Kwera ndiwe, ine injini yanga ndi yomweyi." Pofika chaka chotsatira madiresi awo anali atayamba kukhwepa, ndipo apa m'pamene pakamwa pa anthu panasinthira. Masiku amenewo munthu akaonda ku Kawale, nkhani inali imodzi, ya Edzi. Amayi ena pa mpopi ankatsinana akamadutsa, wina n'kunong'ona kuti kuthamangako n'kobisira chabe. Zimenezo ine ndinkazidziwa bwino, poti za malemu mwamuna wanga ankanong'onanso choncho. Anangozo atazimva anaika ndowa pansi.

"Amene akufuna kuona khadi langa la kuchipatala abwere madzulo, abweretsenso lake. Tidzawerengerana."

Palibe anabwera.

Kunyumba kwawo nkhondo inali ina. Bambo Saulos anali munthu wofatsa, koma ankati mkazi wa mkulu wa mpingo sangamachititse chionetsero mumsewu. Kuthamangako analolera monyinyirika. Chimene anakaniratu ndi thalauza. Lamulo loletsa amayi kuvala thalauza linali litachotsedwa kale, ndipo m'belo lina la kaunjika Anangozo anapezamo thalauza la masewero labuluu, lokhala ndi mizere yoyera m'mbali. Amuna awo anati, "Boma lalola, koma m'nyumba muno silinalole." Ndiye anapitiriza kuthamanga ndi chitenje.

Mu Febuluwale wa 1996 mvula inagwa usiku wonse. M'mawa mwake, podumpha ngalande ya kumunsi kwa msika, chitenje chonyowa chinawakola m'miyendo, n'kugwa phazi lamanzere litapindika. Amuna awiri anawabweretsa panjinga. Kakolo anali atatupa kale.

Amayi anadzaza m'nyumba. Wina anati ndi kubinya chabe, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Pali chikhulupiriro chakuti mayi wobereka mapasa ali ndi dzanja lochiza kubinya; akathowa ndi kukoka, mtsempha umabwerera m'malo mwake. Ndinali nditathowapo ana angapo a m'dera lathu, ndipo anachira, kapena ankachira okha, sindikudziwa. Ndinanena chapansipansi kuti mwina apite kaye kuchipatala, koma mawu anga sanapite patali. Anatereka madzi. Ndinaviika kansalu m'madzi otentha kwambiri n'kumathowa. Ndikafunsa ngati akupsa, Anangozo ankati, "Sindikumva kutentha ine, pitirizani." Sindinkadziwa kuti shuga amachititsa dzanzi kumapazi. Kenako amayi awiri anawagwira m'mapewa, ine n'kukoka phazi lija ndi mphamvu zanga zonse. Anakuwa kamodzi kokha. M'manja mwangamu ndinamva chinthu chikukhukhuluzika, ngati miyala iwiri ing'onoing'ono.

Patapita masiku atatu phazi linali litada, ndipo pamene ndinathowa panatuluka matuza. Kuchipatala chachikulu anawajambula n'kupeza kuti fupa linathyoka, ndipo kukoka kuja kunalisuntha pamalo pake. Matuzawo anasanduka chilonda chosafuna kupola. Anagonekedwa milungu isanu. Mlungu wachitatu tinamva kuti madokotala akukambirana zodula.

Ine sindinapite kukawaona. Ndinkaphika phala n'kupatsira amayi ena kuti akapereke, osanena kuti lachokera kwa ndani. Madzi ndinkatunga masana, pa mpopi palibe anthu. Atatuluka, phazi likadalipo, lili m'chikhakha chokhala ndi kazenera kotsukirapo chilonda, ndinkadutsira njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti ndisaone khomo lawo.

Tsiku lina ndikusankha mpunga ndinamva ndodo zikugogoda pansi. Anangozo anafika okha n'kudzigwetsa pa mpando wanga.

"Mwandithawa, Amake Mapasa."

Ndinayamba kulira.

"Siyani zimenezo. Phala lanu ndinalizindikira, mumathira nsinjiro zambiri. Tamverani. Kuthamanga sikunandigwetse, chinandigwetsa ndi chitenje. Ndipo phazili sindinakupatseni ndikulota, ndinakupatsani ndili maso. Tonse tinali mbuli. Koma kuyambira lero, wina akabwera ndi mwendo wotupa, dzanja lanulo mulibise kumbuyo mpaka akamujambule."

Ndinachitadi choncho. Ena anandinena kuti ndayamba kunyada.

Chilonda chija chinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti chitseke. M'miyezi imeneyo, atangokhala, thupi linabwerera ndipo shuga anakwera. Bambo Saulos anawagulira mpando wa nsungwi n'kuuika pakhonde. Ndinamva ndekha kudzera pampanda akunena kuti, "Nangozo, Mulungu wakuchenjezani. Khalani pansi ngati amayi anzanu."

"Mkulu wanga anakhala pansi, bambo. Munanyamula nawo bokosi lake. Linkalemera mbali imodzi."

Adokotala anawauza kuti zothamanga aiwale, kakolo sangapirire. Koma kuyenda mwandawala analola, bola nsapato zikhale zotseka, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana mapazi awo ngati pali kabala. Anangozo anatsutsana nawo pang'ono, kenako anavomera. M'mawa wina wa Novembala ndinawaona akutuluka atavala thalauza labuluu lija, chitenje atachikoleka paphewa ngati thaulo. Bambo Saulos anaima pakhomo, Baibulo lili kukhwapa. Lamulungu lotsatira amayi a chigwirizano cha kumpingo anatuma awiri kukawalangiza Anangozo. Iwo anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, n'kuwavulira sokosi kuti aone chipsera.

"Mukapeza vesi lakuti mayi adulidwe mwendo kuti mpingo usachite manyazi, mubwere nalo. Ndivula thalauzali pomwepo."

Ankayenda motsimphina, phewa limodzi likugwera kumanzere, koma liwiro lake mtsikana sakanalifika popanda kuthamangira. Ankafika ku Biwi n'kubwerera dzuwa lisanatenthe. Amayi ena awiri a shuga anayamba kuwatsatira, m'zitenje zawo. Nanenso ndinayendako nawo maulendo angapo, kumbuyo kwenikweni, maso ali pansi. Nyengo yozizira kakolo ankawawa, ndipo tsiku lina ndinawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, nkhope itakwinyika. Atandiona anaimirira msanga n'kunena kuti amamanga chingwe cha nsapato.

Mu 1998 Bambo Saulos anapuma pantchito, ndipo banja linaganiza zobwerera ku Ntcheu. Lole inabwera Loweruka m'mawa. Tinathandiza kukweza mabedi, mbaula, mabelo awiri otsala a kaunjika ndi mpando wa nsungwi uja. Amuna awo anali atawasungira malo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, ndipo ankaneneza kuti kumudzi akapume, kuli adzukulu otunga madzi ndi otola nkhuni. Anangozo anangowayang'ana, n'kuuza dalaivala kuti akawapeza pa msewu waukulu, iwo atsogola wapansi.

Ndinawaperekeza mpaka pa golosale. Ndinkafuna kunena zambiri, koma ndinangoti ayende bwino, asamale phazilo. Sindinawaonenso kuchokera tsiku limenelo, ndipo makalata sitinalemberane. Potsanzikana paja anandigwira dzanja, lomwe lija linawakoka, n'kulifinya kwambiri.

"Amake Mapasa, mukadzamva kuti Nangozo wapita, mudzafunse kuti imfa yamupeza pati. Akadzati pampando, ameneyo ndi wabodza. Ndipo mudzawauze awerenge miyendo, idzakhala iwiri."