Nkhungu m'Chipinda cha Madisiki

Bokosilo linabwera pa lole kuchokera ku Lilongwe, ndipo tinalinyamula anthu anayi. Mkati mwake munali madisiki khumi ndi awiri ondandalikana ngati madirowa, disiki iliyonse ndi kanyali kake kobiriwira. Zonse za kampani yathu yogula ndi kupuntha mpunga ku Nkhotakota zinkasungidwa mmenemo: mayina a alimi a ku Bua ndi ku Chia, mapu a minda yawo, makalata. Woyang'anira makompyuta ndinali ine ndekha.

Bokosi lotere limadana ndi kutentha. Mu Novembala makina oziziritsa chipinda anafa, ndipo ndinapita kwa abwana, bambo achikulire ofatsa amene anakulira m'malonda a mpunga.

"Tsegulani zenera, achimwene," anatero. "Mphepo ya kunyanja ilipo."

Ndinakana kawiri. Tsiku lachitatu bokosi linayamba kulira kuti latenthedwa, ndiye ndinatsegula.

Lachinayi masana, ine ndili ku nkhomaliro, kunagwa nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Pobwerera ndinapeza chipinda chili bii. Mafani a bokosi anali atatikokera mkati, tizibowo tonse tolowera mpweya titatsekeka ndi phala lakuda lonunkha nsomba. Ndinagwada ndi mswachi mpaka nthawi yoweruka. Mayi amene ankasesa mu ofesi anaima pakhomo n'kudandaula kuti ndiwo yonseyi ikungowonongeka. Sindinaseke. Kanyali kamodzi kanali katafiira: disiki imodzi inali itafa.

Ndinawafotokozera abwana kuti bokosi limapirira madisiki awiri akafa, koma yachitatu ikafa zonse zapita.

"Ndiye kuti atsala khumi ndi imodzi," anatero. "Si ambiri amenewo?"

Ndinaimba ku likulu la kampani kupempha disiki yatsopano. Amene anayankha anandifunsa ngati ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Ndinaluma mlomo, ndikuwerengera nambala ya disiki pang'onopang'ono, kawiri. Sabata yotsatira disiki yachiwiri inafa. Kuyambira pamenepo chakudya sichinkandilowa. Tsiku lililonse ndinkakopera zofunika kwambiri pa kadisiki kanga ka m'manja, kamene sikakanatha kunyamula ngakhale theka, ndipo kusankha chosiya kunkandipweteka mutu.

Patatha masabata atatu phukusi linafika pa minibasi. Ndinaling'amba ndili chiimire. Munali kadisiki ka laputopu, kosagwira ntchito m'bokosi lathu.

Ndinaimbanso, ndipo ulendo uno mawu anga anamveka mpaka kuchigayo. Madisiki oyenera anabwera Lolemba. Ndinawalowetsa, bokosi n'kuyamba kudzikonza lokha, ntchito ya masiku awiri. Lili pakati magetsi anazima. Ndinathamangira ku jenereta, nsapato imodzi n'kutsala pamasitepe, ndikuwerenga mumtima mphindi zimene mabatire a bokosi akanapirira. Jenereta inalira nditakoka chingwe kachisanu.

Lachitatu m'mawa tinyali tonse tinali tobiriwira. Palibe dzina la mlimi ngakhale limodzi limene linatayika. Ndinapita kukawauza abwana. Anandimvetsera mwaulemu, akupukuta magalasi awo.

"Alhamdulillah," anatero. "Mwaona? Inu mumangoda nkhawa ndi zinthu zoti sizichitika."

Ndinati, "Chabwino, bwana." Ndinabwerera pa desiki yanga n'kulemba lipoti la masamba atatu lopita ku likulu. Mpaka tsiku limene ndinasiya ntchito kumeneko, palibe amene anandifunsapo kanthu za lipotilo.