Tsiku Limene Ndinafufuta Munthu Wamoyo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Karonga, pachigayo cha mpunga pafupi ndi Hara. Abwana atangoona satifiketi yanga ya kompyuta anandipatsa makina a pageti, aja munthu amaikapo chala kuti chitseko chitseguke. Akakudziwa, makinawo ankati "Thenkyu" ndi mawu a mzimayi. Akakukana ankati "Tiraye ageni." Antchito ankangomutchula mzimayiyo kuti mlamu.

Ndisaname, ndinkadzimva. Ine kamtsikana ka ku Ntcheu, abambo a imvi kundiimira pamzere kuti ndiwalembe chala! Ndikaimba foni kumudzi ndinkawauza amayi kuti kuno palibe amalowa popanda ine.

Tsiku lina mlamu anakhuta. Makina anadzaza, moti antchito atsopano analibe malo. Abwana anati ndichotse onse osiya ntchito, ochotsedwa ndi omwalira. Ndinasunga kaye mndandanda wonse pa fulashi monga anatiphunzitsira kusukulu, kenako ndinayamba. Koma kukoma kwake! Kungodina kamodzi, munthu zii. Uyu anapita ku Tanzania kukachita geni, zii. Uyu anakwatiwa ku Ngara, zii. Ndinkachita kuimba nyimbo ya kwaya, phazi likugunda pansi.

Ndili mkati ndinapeza dzina limodzi lolembedwa kawiri, lofanana chilembo ndi chilembo. Mayina ambiri a kumeneko amayamba ndi Mwa, ndipo ine ndinali ndisanawazolowere. Ndinasuzumira pawindo n'kufunsa mlonda ngati ankamudziwa munthuyo.

"Awo anamwalira chaka chatha, mama. Tinakaika ku Iponga."

Ndinaseka kalaliki amene analipo ine ndisanabwere, wolemba malemu kawiri. Ndinafufuta onse awiri.

M'mawa mwake ndinapeza chimzere pageti. Kutsogolo kunali bambo wamtali, wosakonda zolankhula, amene ankayendetsa injini ya chigayo. Tonse tinkangowati a makanika. Ankaika chala, mlamu n'kuwakana. Ndinatsegula kompyuta mwamatama n'kuwafunsa dzina. Atalitchula, pakamwa panga panathamanga kuposa mutu.

"Koma bambo, inu munamwalira!"

Mzere wonse unagwa ndi phwete. Mayi wina wopeta mpunga anachita kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. A makanika okha sanaseke.

"Anamwalira ndi akulu anga, mama. Ankagwira konkuno. Kwithu munthu amafa koma dzina silimafa. Abale anakhala pansi, ine ndinalowa dzina lawo, ana awo ndi anga. Ndinabwera kuofesi kuno kudzasinthitsa."

Manyazi anandigwira mpaka kuzikhadabo, komabe ndinati musadandaule, ndikulembaninso pompano. Apa ndiye panali nkhani. Inali nyengo yowokera mpunga, ndipo bambowo ankalawirira kudimba kwawo asanabwere kuntchito. Matope anali atadya mizere ya zala zawo, zonse zili see ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Munthu amene anamulemba kale, mlamu amamuzindikira ngakhale mizere itachepa, koma watsopano amafuna chala chooneka bwino. Tinayesa zala zonse khumi, osatheka.

Aliyense anasanduka katswiri. Wina anati apake chala pamphumi kuti chitenge mafuta. Wina anati achiuzire mpweya. Mlonda anati bwanji avule nsapato tiyese cha kuphazi, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinaganizadi zoyesa.

Kuseka kunatha abwana atafika. Lamulo la kulikulu linali loti amene makina samudziwa asagwire injini. Ananena kuti ikakwana twelofu mlamu asanavomere, bambowo apite kunyumba mpaka zala zitamera mizere, injini apatsidwe wina. Ndinaona a makanika akuyang'ana manja awo, manja odyetsa nyumba ziwiri. Wolakwa ndinali ine.

Kenako ndinakumbukira fulashi ija. Ndinakhuthula chikwama changa patebulo, zipeso, mabisiketi, risiti ya basi, mpaka inagwa. Sindinkadziwa kuti mwa mayina awiriwo lawo ndi liti, ndiye ndinabweza onse awiri. Bambowo anapukuta chala pamphumi n'kuchiika. Kachiwiri. Kachitatu.

"Thenkyu."

Nthungululu zake! Amayi opeta anavina ndi malichero m'manja, mlonda anachitira mlamu sawasha, ine ndinalumpha mpaka nsapato imodzi inavuka. Injini italira ndinkangomva ngati ikundiimbira ine.

Masana ndinakhala pansi kuti ndimalize ntchito. Tsopano kompyuta inkaonetsa bwinobwino dzina lomwe linalowa m'mawa ndi lomwe lakhala chaka osalowa. Chala changa chili pa batani, a makanika anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Chinacho ndi chala cha akulu anga?"

"Inde, bambo."

"Chikadalimo ndithu?"

"Chilimo."

Anayang'ana kompyutayo nthawi yaitali, ngakhale panalibe choona kupatula dzina ndi nambala.

"Chisiyeni, mama. Kunyumba tilibe ngakhale chithunzi chawo."

Ndinachotsa dzanja. Anati "Ndagha," kuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo, n'kubwerera kuinjini.

Ndinagwira pachigayopo zaka zitatu, ndipo ndinafufuta anthu ambiri, koma osaimbanso nyimbo. Pochoka ndinamusiyira wondilowa m'malo kapepala, ndinakamata pakompyuta penipeni: Dzina ili lilimo kawiri. Sikulakwitsa, usalikhudze.