Muyeso wa Chitseko Unali Pamphumi Panga

Ndinanyamuka kwathu kufupi ndi Mkaika Lachinayi m'mamawa, ndipo ulendowo ndinauyamba ndi kugunda mutu pakhomo la nyumba yanga yomwe. Nyumbayo ndamanga ndekha, njerwa kuumba ndekha, kuotcha ndekha, choncho kufupika kwa khomolo ndinalibe womunamizira. Pamphumi panatuluka chotupa ngati dzira la nkhunda.

Ndakhala pachikamwini zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinatopa nako kudya moyang'anidwa. Nditapempha chitengwa, apongozi anga aakazi anatumiza mawu kudzera mwa mkazi wanga, Nabanda: "Mwana wanga sagona m'nyumba yotseka ndi saka. Lamulungu ndibwera, ndikapeze chitseko."

Matabwa abwino a mlombwa ali kumapiri a ku Vubwi, kwa bambo wina wocheka matabwa, aZulu. Iwowa amasungunulanso mapulasitiki n'kuumba matailosi, ndiye ndinamva kuti ukawapititsira mabotolo amakutsitsira mtengo. Ndinatola saka lalikulu lodzaza. Tepi yoyezera ndinalibe. Ndinayeza khomo ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kumanga mfundo ziwiri, ya mlitali ndi ya mlifupi. Ndinadziona wanzeru kwabasi.

Njinga yamoto inandifikitsa pa Katete ndi makwacha makumi atatu, sakalo likundimenya msana njira yonse. Ndinalowa m'sitolo ya bambo wina wachisilamu kukagula mahinjesi. Anayang'ana pamphumi panga nthawi yaitali.

"Alamu anga ali ndi dzanja ndithu," anatero.

"Ndi khomo, bambo."

"Onse amatero," anayankha akundikulungira misomali m'pepala.

Cha m'ma teni koloko tinakwera kanta, lole yaing'ono yopita ku Chadiza. Kondakitala anandilipiritsa makwacha makumi asanu ndi limodzi, n'kufunanso ya saka. Ndinati alinyamule amve kupepuka kwake.

"Kupepuka n'kwanu, mudala. Ladya malo a anthu atatu."

Msewuwo ndi wafumbi, ndipo mabampu ake amakukumbutsa zomwe unadya dzana. Mphepo itayamba kukoka saka langa, mayi wina wonyamula nkhuku anati ndilimange lisanakafike ku Mozambique patsogolo pathu. Ndinatulutsa mphira wanga uja n'kulikunga zolimba kuchitsulo. Unakhala pamenepo padzuwa mpaka pa Chadiza, pomwe ndinadya zitumbuwa ziwiri ndi mtedza wophika, kenako n'kumangiranso sakalo pa kanta ina ya ku Vubwi.

Kwa aZulu ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinawapeza ali pamwamba pa chipika, mnzawo ali m'dzenje pansi pake, akukokerana sowo yaitali, utuchi uli mbuu m'mutu mwa wapansiyo. Chapatali panali theka la mgolo pamoto, mapulasitiki akusungunuka ndi mchenga, fungo lake loti ngakhale udzudzu unasamuka. Mabotolo anga anawalandira mosangalala. Kenako anafunsa muyeso, ine n'kupereka mphira monyadira.

AZulu anaugwira, n'kundiyang'ana.

"Poyeza munakoka bwanji?"



Anauyala patabwa osakoka. "Apa ndi chitseko cha khola la nkhuku." Anaupondera n'kukoka mpaka pamwamba pa mutu wawo. "Apa ndi cha tchalitchi. Inu mwamanga chiti?"

Wa m'dzenje uja anaseka mpaka kutsamwa utuchi. Ine sindinaseke. Kunena zoona misozi inali pafupi. Kubwerera kukayezanso ndiye kuti Lamulungu landipitirira, ndipo apongozi anga sabwereza ulendo. Ndinaona chaka china cha chikamwini chikundikodola.

AZulu analoza pamphumi panga. "Nanga ichi?"

Ndinawafotokozera.

"Munagunda mutaima chilili?"

"Chilili."

"Ndiye muyeso mwabwera nawo. Imani apa."

Anandiimika patabwa ngati mwana wa kusikelo, n'kulemba ndi khala pomwe panali chotupa. Za mlifupi ndinakumbuka kuti ndikaima pakhomopo manja ali m'chiuno, monga ndimachitira poyang'ana ntchito yanga madzulo, zigongono zimakhudza uku ndi uku. Ndinagwira m'chiuno, iwo n'kuyeza. Lachisanu lonse anapala ndi kukhoma, ine ndikuwathandiza kuthira phala la pulasitiki m'zikombole.

Loweruka ndinabwerera njira yomweyo, chitseko chitagona pa kanta, anthu atatu atachikhalira. Madzulo tinachiimika pakhomo ine ndi Nabanda. M'mbali chinalowa bwinobwino. Koma pansi panatsala mpata wolowa zala ziwiri. Apo m'pamene ndinakumbuka kuti pogunda mutu ndinali nditavala nsapato zanga za matayala, pomwe kwa aZulu ndinazivula poopa kudetsa tabwa.

"Amayi aona," anatero Nabanda. "Amaona ngakhale nyerere yatsinzina."

Tabwa lina ndinalibe. M'thumba munali mphira uja basi. Ndinaupinda pawiri n'kuukhomera kunsi kwa chitseko ndi misomali yotsala.

Lamulungu apongozi anabwera, ine n'kukakhala patali pansi pa mtengo wa mango monga mwa ulemu. Anatsegula, anatseka. Anatsegulanso. Kenako anawerama n'kugwira mphira uja. Anaitana mwana wawo, koma mokweza kuti nanenso ndimve.

"Iwe, waona? Waikira dala kuti njoka isalowe. Bambo ako zaka zonsezi sanaganizepo zimenezi. Pita ukatenge mapoto ako."

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti mphira sayezera chitseko. Koma aliyense wobwera kudzaona nzeru yanga yotchingira njoka ndimamufotokozera mofatsa, manja ali m'chiuno. Nabanda yekha ndiye amathawira kukhitchini kukaseka, ndipo khitchiniyo ndi yake.