Mafuta a m'ndere

Mpaka lero sindidziwa ngati amuna anga ananamizidwa kapena anangopupuluma. Chaka chimenecho nkhondo inali itakula kutsidya kwa Muloza, ndipo palafini anasowa. Ukafika pa Nkando ndi botolo lako, wagolosale ankangopukusa mutu. Kudandaula mokweza kunalibe, poti a chipani makutu anali paliponse.

Tinali ndi damu la nsomba kumunsi kwa dimba langa. Mlangizi wa za nsomba anatiuza kuti tizithiramo manyowa a mbuzi mpaka madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndi tindere timene nsomba za makumba zimadya. Nsombazo ndinkazidalira ndi mtima wonse. Achimwene anga anali atathawa nkhondoyo kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndi ana anayi, onse ali pakhomo panga, ndiwo zake chigwada tsiku ndi tsiku. Kamtsikana kawo kotsiriza kanali katayamba kutupa mapazi, tsitsi likufiira.

Amuna anga ankathyola tiyi ku esiteti. Tsiku lina anabwera thukuta lili kamukamu.

"Amayi, mwamva? Dalaivala wa thalakitala akuti kunabwera mlendo wophunzira. Akuti ndere zili ndi mafuta, kunja akuyesa kuyendetsera galimoto. Nanga ife damu lonseli tizigona mumdima?"

"Mafuta m'madzi, abambo?"

"Nanga nsatsi mumawaona mafuta ake musanasinje?"

Mafuta a nsatsi ndinkawadziwa kuyenga: kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kenako kuwengula oyandama pamwamba. Ndinaganiza kuti mwina ndi chimodzimodzi, ndipo ndinavomera.

Tinayamba kusefa madzi a m'damu ndi nsalu yanga yakale. Phala lobiriwira lotsalira tinkaliyanika pa lata, likauma ine kusinja, kuwiritsa. Damu likaphwa, amuna anga ankatsegulira madzi atsopano ochokera kumtsinje, ozizira a m'phiri aja. Anthu odutsa akafunsa, tinkati ndi mankhwala a chipere.

Mumphika munkangotuluka thovu lonunkha ngati chithaphwi. Iwo ankati moto wachepa. Ndikasonkhezera, ankati ndapsereza. Tinathira timadzi takuda totsala mumphikamo mu koloboyi, chingwe chinangoti tsiii, osayaka. Tinachita zimenezi milungu ingapo, ine mutu uli balala. Madzi a m'damu anayera mbee mpaka nsomba kuoneka pansi, ndipo ine wopusane ndinkakondwera kuti damu lakongola. Akakowa nawo anakondwera.

Mlangizi atabwera anaima m'mbali mwa damu nthawi yaitali, manja ali m'chiuno.

"Mayi, chakudya cha nsomba mwapita nacho kuti?"

Ndinamufotokozera zonse monong'ona. Ndinkafuna anene kuti ndi bodza, kuti ndipeze womukalipira. Koma anati, "Zoti muli mafuta ndinawerengapo, n'zoona. Koma si za mtondo ndi mphika."

Ndiye zoona, koma zabodza? Wolakwa sindinamudziwe.

Tsiku lokolola tinakoka ukonde katatu. Tinapeza tinsomba tamitu ikuluikulu, matupi ngati zala, tosadzaza n'komwe beseni. Achimwene anasuzumira m'besenimo. Ndinachita manyazi oopsa, chifukwa ndinali nditawalonjeza kuti mwana achira nsomba zikakula.

M'mawa mwake anabereka mwanayo kupita kuchipatala ku boma. Atatuluka sanabwererenso kwathu. Anatumiza mawu kuti ana atatu aja awatsatire ku kampu ya othawa nkhondo, akuti kumeneko mwina akadya.