Ndinalowetsa Apongozi Ake pa Gulu Lathu la pa Foni

Inu owerenga, ine ndinapasula banja la mwana wa eni ake. Sindinamunenere bodza, sindinamulande mwamuna, ndinangofuna kuti gulu langa la pa foni likhale ndi anthu ambiri. Mpaka lero ndikakhala pa makina, mwendo umapalasa koma mutu uli kwina, ndiye ndati ndilembe, mwina wina wa mtima wa phuma ngati wangawu aima kaye n'kuganiza.

Ndine telala. Ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka muno, koma kashopu kanga kali pa msika wa ku Kabwata, ndipo ntchito yanga yambiri ndi yosoka zovala za ku kicheni pate, phwando lija azimayi timaperekezera mkwatibwi ndi mapoto ndi malangizo. M'kashopumo muli benchi, ndipo panazolowera kukhala azimayi angapo, makasitomala anga akale. Chovala chikachedwa sankadandaula chifukwa nkhani zinkakoma. Ena atasamukira ku Makeni, wina ku Roma, tinati tisatayane, titsegule gulu pa foni. Ine ndinakhala adimini, mwini chitseko, wolowetsa ndi kutulutsa anthu.

Tinalipo ochepa, okwanira m'zala za manja, ndipo tinkauzana za kumtima. Wina akati mwana wake wayamba kumwa mowa, wina akati bambo a kunyumba asiya kudya kwawo, tonse tinkathirapo nzeru, kenako n'kusekana za mawigi. Wamng'ono pa tonse anali Tisa, mtsikana wofatsa wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Iyeyu ananditenga ngati mayi ake. Anakwatiwa ndi Lameki, kalaliki wa pa ofesi ina cha ku Cairo Road, ndipo zaka zinkapita popanda mwana. Apongozi ake ankabwera ndi mizu m'chikwama ndi mawu olasa pakamwa, ndipo Tisa akalira ankalirira kwa ife. Apongoziwo palibe mwa ife anawaonapo, tinkangowadziwa kuti apongozi a Tisa.

Chinandisokoneza mutu ndi nsanje. Ndinamva kuti mayi wina wa ku Woodlands ali ndi gulu la azimayi lodzaza mpaka kukana anthu, ndipo akafika pa phwando amamupatsa mpando wa kutsogolo. Ine zoterozo zimandiyabwa. Ndinayamba kuona kagulu kathu ngati kamanyazi. Foni ikakhala chete pang'ono ndinkaitenga, kuitsegula, kuitseka, kuitsegulanso, mpaka kusoka mkono wa diresi chagada. Ndinadziuza kuti vuto ndi kuchepa kwathu.

Manambala ndinali nawo ambiri. Aliyense amene ndamuyeza thupi amandisiyira nambala kuti ndimuimbire chovala chikatha. Nthawi imeneyo ndinali nditangosoka zitenje zofanana za phwando lina lalikulu la ku Kabulonga, ndiye tsiku lina masana ndinangoyamba kuponya anthu m'gulu ngati nyemba m'thumba, osafunsa iwo, osafunsanso anzanga akale aja. M'kati mwa amenewo munali mayi wina wachikulire amene ndinamusunga m'foni kuti amake Esinati. Inu mukudziwa mmene timaitanirana: mayi amadziwika ndi dzina la mwana wake woyamba. Ukamamuyeza m'chiuno munthu wamkulu suyamba kumufunsa kuti anabereka ndani ndi ndani. Esinatiyo ndi mwana wawo wachisamba, anakwatiwa ku Ndola, ndipo chitsiriza wawo ndi Lameki. Ine zimenezo sindinkazidziwa, ndipo sindinavutike n'kufunsa komwe.

Gulu linadzaza, koma nkhani zinatha. M'mawa kunkagwa zithunzi za maluwa zotifunira tsiku labwino, masana otsatsa nkhuku, mawigi ndi mapuloti a ku Chalala, madzulo mavesi omwe aliyense watumiziridwa kale kwina. Anzanga akale aja anangoti zii. Ndani angaulule za mwana wake woledzera pamaso pa manambala osadziwika? Obwera kumenewo nawo, poona kuti palibe chowakhudza, anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Wina akatuluka ine mtima unkandipweteka ngati wandithawa ndi chovala, ndipo ndinkamubwezamo mwamakani. Ndinaika malamulo, ndinakalipira osalankhula, ndinayambitsa mafunso oti tikambirane, koma ankayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera basi. Tisa anali atatseka belu la gululo chifukwa cha phokoso, ndipo mayina a olowa anakwiririka pansi pa maluwa aja. Amake Esinati nawo sanalembepo kanthu chilowereni, moti awiriwa anakhala m'chipinda chimodzi osaonana.

Ndiye linafika Loweruka lija. Ndinali ndi madiresi a anthu ondidikira, ulusi ukungoduka, Tisa n'kundiimbira. Anali akulira, atangomva zotsatira za zimene anakayezetsa ku chipatala ndi mwamuna wake.

"Ba mami, za ku chipatala zachoka. Vuto siili kuli ine, ili kuli ba Lameki. Banipempha ati nisauze muntu, manje apongozi babwela futi na mankhwala yao. Nichite bwanji?"

Inu owerenga, apa m'pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni. Mayi weniweni akanasiya makina, n'kumuuza mwanayo kuti akwere basi abwere adzakhale pa benchi. Koma ine m'mutu mwanga munadutsa ganizo lonyansa, lakuti nkhani ngati imeneyi ndi imene ingadzutse gulu langa. Ndinamuuza kuti aiike pa gulu, azimayi amupatse nzeru monga kale. Anakayika, nati muja tsopano muli anthu ambiri. Ine ndinayankha mosaphethira n'komwe.

"Ni bantu batu chabe, mwana wanga. Bonse nibaziba."

Anandikhulupirira. Anajambula uthenga wa mawu, akulira, natchula dzina la mwamuna wake, natchula zimene adokotala ananena, natchulanso mawu onse amene apongozi akhala akumulasa nawo. Gulu linadzuka nthawi yomweyo. Anthu amene sanalembepo chilowereni anayamba kuthira ndemanga, awa akuti apirire, awa akuti amusiye mwamunayo akadali mtsikana, ena akufunsa kuti Lameki wake uti. Ndikuuzeni zoona ngakhale zikundichititsa manyazi: ine ndinasangalala. Ndinaika foni pafupi ndi singano kuti ndiziona mauthenga akugwa, mtima ukuti tsopano tafanana ndi a ku Woodlands.

Kenako amake Esinati analemba kwa nthawi yoyamba: "Lameki wamene mukambapo ni mwana wanga. Namvela zonse." Atatero anatuluka m'gulumo.

Ndinaimirira, ndinakhala pansi, ndinatuluka panja, ndinabwereranso, kasitomala akundifunsa za diresi yake ine osamumva. Tisa anafufuta uthenga uja koma unali utapita kale, ena anali atautumiza ku magulu ena. Ndinamuimbira kangapo, foni ikungoitana. Ndinalemba pa gulu kuti chonde nkhaniyi ithere pompano, koma ndinkapempha anthu amene ambiri mwa iwo ngakhale nkhope zawo ndinali nditaziiwala.

Lusaka ndi wamkulu ukamayenda pansi, koma pa nkhani ngati iyi ndi kamudzi. Lamlungu anthu ankanong'onezana ku tchalitchi kwawo. Pofika m'kati mwa sabata mawu a Tisa ankamveka m'mafoni a anzake a Lameki ku ofesi, ena akumusisita paphewa momumvera chisoni, ena akuseka akatembenuka. Lameki sanamumenye mkazi wake, sanamutukwane. Anangosiya kulankhula, kenako anatenga zovala zake n'kupita kwa mnzake ku Makeni. Ankhoswe atakhala pansi, nkhani ya mwana sinakambidwe n'komwe. Mlandu unali umodzi, uja alangizi amaletsa mkwatibwi aliyense: kutulutsa za kuchipinda kupita nazo pabwalo. Tisa sananditchule ngakhale kamodzi. Anausenza yekha mlanduwo, n'kupita kukakhala kwa mkulu wake ku Emmasdale kudikira kuti mwamuna mtima utsike.

Masiku amenewo sindinkakhazikika. Ndinkatseka shopu dzuwa likadali pamutu, kukwera basi ya ku Emmasdale, kufika pa geti, mkulu wake n'kundiuza kuti Tisa wagona. Ndinapita kwa mmodzi wa ankhoswe kukanena kuti wolakwa ndine, iye n'kundiyankha kuti mawu omwe ali m'mafoni a anthu si anga. Anzanga akale a pa benchi anatuluka m'gulu onse osatsanzika. Mmodzi yekha ndiye anandiimbira, nandifunsa ngati zake zija za mwana woledzera nazo ndinazipereka kwa anthu a ku Kabulonga.

Amene anabwera ku shopu ndi amene sindinkawayembekeza, amake Esinati. Ndinagwada pansi pakati pa zidutswa za nsalu. Iwo anakhala pa benchi. Sanakweze mawu.

"Atelala, mwana uja ndinamulakwira zaka zonsezi. Ndikanamva nkhaniyi m'nyumba, kudzera kwa ankhoswe, ndikanamugwadira ine, tikanaibisa tonse. Koma tsopano mwana wanga sakutha kuyenda mumsewu. Inu nambala yanga ndinakupatsani ya chitenje."

Ndinalira ngati mwana. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti banjalo linali pafupi kupola. Choonadi chomwecho chikanadutsa njira yake chikanawagwirizanitsa, ndipo ine ndinachidutsitsa pa msika.

Lameki anapempha kuti ku ntchito amusamutsire ku Kitwe, ndipo anapita yekha. Tisa anasintha nambala. Ndinadzakumana naye mwezi wathawu pa siteshoni ya mabasi m'tauni, anthu akukankhana, makondakitala akukuwa. Waonda. Anandipatsa moni wa ulemu wonse, bondo n'kuthyola, nafunsa za ana ndi za ntchito monga umafunsira mayi wa ku tchalitchi amene sumudziwa bwino. Ndinamugwira dzanja n'kumupempha nambala yatsopano kuti tidzakhale pansi, ndidzapepese bwinobwino.

"Foni nilibe, ba mami," anatero, foni ili m'dzanja lake linalo. Anathyolanso bondo n'kukwera basi.

Gulu lija likadalipo. Mwatsala ogulitsa nkhuku, akutsatsana okhaokha. Sindinalitseke chifukwa ndikalitsegula limandikumbutsa chimene ndinachita.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi magulu a pa foni ndipo mukudabwa kuti anthu salankhula kapena akungotuluka, musathamangire kuwonjezera manambala. Munthu amakhala pamene akudziwa amene akumumvera, ndipo akaona alendo amatseka pakamwa, kenako amanyamuka. Musalowetse munthu musanamufunse, musanafunsenso amene alimo kale. Dziwani kuti amake uje anabereka ndaninso, ndi mpongozi wa ndani, amapemphera ndi ndani. Gulu likakhala chete lisiyeni, silinadwale. Ndipo wina akakuimbirani akulira, musamutumize kwa anthu, siyani zimene mukuchitazo mumumvere nokha. Tisa sanaimbire gulu tsiku lija, anaimbira ine.