Kanyumba ka giza kamene abambo anamata ngati balani

Loweruka lapitali ndinaona abambo anga akugumula khoma limene anamanga ndi manja awo, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Achemwali anga, a Nambewe, ali ndi malo ogona alendo pa Nsaru. Si malo apamwamba ayi. Amene amagonapo ndi ogula soya ndi mtedza, madalaivala, ndi aphunzitsi obwera ku misonkhano. Anthu amenewa safuna zambiri. Kukacha m'mwezi wa Juni, chimene amafunsa ndi madzi otentha basi.

Chitsegulire malowo, madzi akhala akutenthetsedwa mu mgolo wogoneka pa njerwa kuseri kwa mabafa, moto uli pansi. Anakonza zimenezi ndi abambo. Koma nkhuni zili kuti masiku ano? Mukudziwa nokha mmene mitengo yathera kwathu. Ukaima pa Nsaru, kangotsala pang'ono kuti uziona anthu a ku Kabudula akuyanika zovala.

Ndiye achemwali anagula giza, chitanki chachikulu chotenthetsa madzi ndi gasi, chimene chimafunanso magetsi oyatsira moto wake. Mmisiri wodzalumikiza, a Mwale, anabwera kuchokera mu tauni, naloza malo pakhoma la mabafa, nati pamangidwe kanyumba koteteza gizayo ku mvula ndi akuba, iwo adzabweranso. Achemwali sanavutike n'kufunafuna womanga. Nkhani ya moto m'banja mwathu ili ndi mwini wake.

Inu achinyamata mwina simukumudziwa fodya wa chikopa. Ameneyu sanali wongopachika m'chigafa n'kusiyira mphepo. Ankaumitsidwa ndi utsi mu balani ya dothi, ndipo luso lonse linali pa kuweta moto: usayake kwambiri, usazime, uzingofuka. Abambo ankadziwika nazo mpaka ku Nambuma. Anthu ankapalasa njinga kudzawatenga kuti akaone balani yawo. Iwo akafika sankayamba ndi kulankhula. Ankazungulira balaniyo pang'onopang'ono, chikhatho chili pakhoma, ndipo pamene apeza mng'alu ankangoti, "Bweretsani dothi."

Ife ana ntchito yathu inali yoponda dothilo. Ndimakumbukirabe kuzizira kwake pakati pa zala za kumapazi, ndi fungo la malaya a abambo limene sopo aliyense ankalilephera. Kutchalitchi ukakhala pafupi nawo unkadziwa kuti nyengo ya fodya yafika. Ndinkachita nalo manyazi fungo limenelo. Lero ndimalisowa, ndipo sindibisa.

Fodya uja kwathu anatha. Balani inagwa, pamalo pake pali mbatata. Njinga zija zinasiya kubwera, ndipo abambo tsopano amakhala pakhonde kuyang'anira mbuzi. Choncho mwana wawo atawaitana kuti akamange nyumba ya moto, ndikumva kuti anadzuka m'mamawa, navala malaya a kutchalitchi, chipangizo chomatira chili m'thumba.

Lachisanu achemwali anandiimbira foni. "Bwera mawa udzalankhule ndi bambo ako. Mmisiri wakana kulumikiza, ndipo iwo akuti khoma lawo asaligwire munthu."

Abambo akavuta amasanduka bambo anga ndekha. Ndinakwera minibasi.

Kanyumbako, kunena zoona, kanali kokongola. Njerwa zoongoka bwino, dothi losalala, denga lomatidwa m'mphepete monse. Pachitseko anakhomera chiguduli kuti ngakhale kamphepo kasadutse. Mkati anakonzamo malo a giza, ndipo pambali pake anasiya malo a masilinda a gasi kuti wakuba asawaone. Nyerere ikanafuna kulowamo ikanayenera kugogoda.

"Kutentha sikuthawa muno," anandiuza abambo, akusisita khomalo. "Gasi sadzatha msanga. Kodi ndalakwa pati?"

A Mwale anali ataima chapatali, zida zawo zili pansi zosamasula. Ndi munthu wofatsa, wa msinkhu wanga. Anati, "Bambo, mwamanga bwino kwambiri. Koma muno sindingayatsemo moto. Pakufunika mazenera opita mpweya, ena m'munsi, ena m'mwamba, ndi bowo la chumuni. Masilinda akhale panja."

"Mazenera pa nyumba ya moto?" abambo anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "A Mwale, ine moto ndinayamba kuweta inu musanabadwe."

Achemwali, amene sabata ino akulandira alendo a ukwati, analowererapo ndi mawu amene tonse timawadziwa. "Tangolumikizani kaye, a Mwale. Zoboolazo tidzaona ukwati ukatha."

Kaye! Ndi kamawu kakang'ono, koma kavulaza anthu ambiri. Paipi ya gasi ikalephera kugwira, timamanga kaye ndi mphira ya chubu cha njinga. Waya akafupika, timapota kaye ndi wina n'kukulunga ndi jumbo ya shuga. Swichi ikamatentha, timaisiya kaye. Ndani mwa ife sanalowepo m'bafa la malo ogona alendo n'kumva mpopi ukumunyerenyetsa m'manja ndi magetsi, mwini malo n'kungoti, "Muzivala masilipasi"? Ndipo timavaladi, n'kuthokoza.

Sikuti ndife opusa ayi. Tinakula ndi moto umene unkatichenjeza wokha. Nkhuni zimathetheka, utsi umaluma m'maso, palafini akatayika aliyense amaona. Zinthu zimenezi zinkatipatsa mpata wokonza mawa. Gasi ndi magetsi sizipereka mpata umenewo, koma ife manja athu akadali a nthawi ya nkhuni.

A Mwale anakana mwaulemu. "Mayi, ndikalumikiza lero, simudzaboola. Madzi akangotentha, aliyense adzaiwala."

Achemwali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anandiitana kuti ndidzalankhule, koma ndikanayamba bwanji? Munthu wakhala nthawi yonseyi osafunsidwa kanthu, lero waitanidwa, wagwira ntchito ndi mtima wonse, ndiye mwana wake amuuze pamaso pa mlendo kuti luso lakelo ndi limene lalakwitsa?

Amene anapeza njira ndi a Mwale. Anakhala pa njerwa, chipewa chili m'manja, nati, "Bambo, ndamva kuti munali katswiri wa chikopa. Tandiuzeni, moto mukaumana mpweya umatani?"

"Umafuka," anayankha abambo msanga. "Ndi mmene timafunira. Utsi ndi umene umapsetsa fodya."

"Nanga mukatero, munthu ankakhalamo mu balanimo?"

"Munthu? Angatuluke wamoyo?" Anandiloza ine. "Uyu ndinamukwapulapo chifukwa chongosuzumira."

"Moto wa gasi nawonso ukamanidwa mpweya umafuka," anatero a Mwale. "Kusiyana kwake n'kwakuti utsi wake suoneka, sununkha, suluma m'maso. Munthu amangomva mutu, kenako tulo. Tsono taonani kumene mapaipiwa akulowera."

Abambo anatsatira ndi maso. Mapaipi a madzi amadutsa pakhoma kulowa m'mabafa, ndipo m'mwamba, pansi pa malata, pali mpata umene kanyumbako kamalumikizirana ndi mabafawo. Panja anamata ponse. Njira yokhayo imene inatsala yotulukira mpweya inali yopita kumene anthu amasamba atatseka chitseko.

Kenako anati, motsitsa mawu, "Ndiye kuti ndamanga balani yowambira alendo a mwana wanga, eti?"

Palibe amene anaseka. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinatola hamala kuti ndithandize, koma abambo anandilanda. "Siya. Wamanga ndani?" Anavula jekete, napinda manja a malaya, nayamba kuchotsa njerwa imodziimodzi pamene a Mwale analemba ndi khala. Sanaswe ngakhale imodzi. Iliyonse ankaipala dothi n'kuisanja pambali. Chiguduli cha pachitseko anachizula okha, nafunsa chifukwa chake zenera lina liyenera kukhala pansi penipeni. A Mwale anafotokoza kuti gasi akatayika sakwera m'mwamba ngati utsi wa nkhuni, amatsikira pansi n'kudikha ngati madzi, ndiye amafunika potulukira. Abambo anagwedeza mutu nati, "Moto wa masiku ano zonse n'zozondoka."

Zotsalazo ndinaonerera ngati mwana wa sukulu, ndipo ndikuuzeni, poti ena mwa inu muli ndi malo odyera, masukulu ogonera konko ndi zipatala zazing'ono kumene zinthu zimenezi zayamba kufika.

Masilinda anakhala panja, choimirira, pamthunzi, m'khola la zitsulo lopita mphepo. Gasi anadutsa m'paipi ya kopa yokhomeredwa kukhoma, osati paipi yothiririra dimba, ndipo a Mwale anaika potsekera pamalo poti munthu angafike osalowa m'kanyumbamo. Chumuni anaitulutsa pamwamba pa denga, kutali ndi mazenera a zipinda. Asanagwire waya aliyense anazimitsa magetsi a nyumba yonse. Giza anaipatsa waya wakewake wochokera ku bokosi la magetsi, ndi swichi yakeyake, osati kuba moto pa soketi ya wailesi. Waya ameneyu anamudutsitsa patali ndi paipi ya gasi. Anayesanso waya wopita m'nthaka, amene anzathu ena amamudula poti nyali imayaka ngakhale palibe. Ameneyu ndi amene amatenga magetsi osochera kuti asadzere mwa munthu wonyowa. Ndipo sanayatse kanthu mpaka thanki itadzaza madzi.

Itafika nthawi yoona ngati gasi sakutayika, ndinaona dzanja la abambo likulowa m'thumba mmene mumakhala machesi. Linakhala mmenemo kanthawi, kenako linatuluka lopanda kanthu. A Mwale anapempha beseni la madzi a sopo, nayamba kupaka thovu polumikizira paliponse.

"Ngati chubu cha njinga," anatero abambo, nkhope itawala pang'ono.

"Ndendende, bambo. Maso anu ndi akuthwa, tandithandizeni."

Abambo anagwada pamenepo, mphuno ili pafupi ndi paipi, ndipo ndi iwo amene anaona kathovu kakufufuma pafupi ndi potsekera. A Mwale anatseka gasi, namanganso, napakanso sopo. Ndikuganiza kuti nawonso anali atakaona, koma anangokhala chete. Ulemu woterewu sauphunzitsa ku sukulu ya zaumisiri.

Dzuwa lisanalowe madzi otentha anatuluka pa mpopi. Achemwali analulutira, nathamangira kukauza antchito awo. Abambo anaika chala pamadzipo, nagwedeza mutu, natenga jekete lawo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti tibwerere ku mgolo, poti mitengo yake kulibe. Sindikunenanso kuti a Mwale akanagonja chifukwa cha imvi. Akanatero, sabata ino tikanakhala tikukamba nkhani ina, ndipo woyamba kusweka mtima akanakhala abambo omwewo. Pa gasi ndi magetsi itanani munthu amene anaphunzira, ndipo akakana kanthu, mumvereni ngakhale alendo ali pakhomo.

Chimene chikundiwawa n'china. Kwathu kuli amuna ndi amayi ambiri amene manja awo amadziwa zinthu zimene dziko lasiya kufunsa. Sitinawauze kuti zasintha. Tinangosiya kubwera ndi njinga.

Abambo ndinawaperekeza kumudzi wapansi, poti anakana kabaza. Tinadutsa m'minda yokololedwa, iwo patsogolo, ine pambuyo, monga kale. Tili pafupi kufika anaima, osatembenuka.

"Mmisiri uja ndi wabwino," anatero. "Achemwali ako asamutaye."

Ndinavomera.

"Koma tandiuza, mwana wanga. Tsopano mudzandiitanira chiyani?"

Ine amene ndimadya za kulemba mawu sabata ndi sabata ndinangonena zoti tidzabwera pa Khirisimasi, iwo anangoti "Chabwino," napitiriza kuyenda.

Inu amene bambo anu akadali moyo, kupatula maliro ndi ukwati, munawaitanira chiyani komaliza?