Masitepe Amene Apongozi Anakana Kukwera

Halidi ndi munthu woti simungamucheukire kawiri mutakumana naye pa renki ya mateksi ku Rustenburg. Ngwamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo amayenda chowerama pang'ono ngati denga la mgodi likumutsatirabe ngakhale ali panja. Anachoka kwawo ku Namwera ndevu zisanamere bwinobwino. Ntchito yake yoyamba ku Joni inali yotchetcha kapinga ndi kusambitsa agalu a eni ake ku Geelhoutpark, iye Msilamu wa swala zake, ndipo za agaluzo sanauzepo munthu kumudzi. Kenako anapeza malo kwa kontilakita wina wa pa mgodi, kumanyamula mitengo yochirikizira miyala pansi pa nthaka. Ntchito yake ndi ija ya lero ilipo mawa kulibe, koma ndi imene inamulimbitsa mtima kuti akafunsire mbeta.

Mbetayo inali Sauda. Ukwati unamangidwa kumudzi, shehe anadalitsa, ndipo ankhoswe anagwirizana chinthu chimodzi: mkamwini amange nyumba pamudzi pa mkazi wake, monga amachitira onse. Halidi anavomera ndi mutu ndi pakamwa pomwe. Anaumba njerwa, koma tchuthi chinatha asanaziotche, mvula inabwera n'kuzisandutsa phala. Chaka chotsatira, m'malo mopita kukaumbanso, anatumiza tikiti ya basi kuti Sauda amutsatire. Kuyambira pamenepo mayi Sainabu, amayi ake a Sauda, anasiya kumutchula kuti mkamwini. Pa foni ankangoti, "Ali bwanji anakuba aja?"

Awiriwa ankakhala ku Meriting, m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachitswana. Mayiyo aliyense pa yadipo ankangomutchula kuti mastende, kutanthauza mwini malo. M'chipindamo munali bedi, sitovu, ndowa ndi chikwama cha zovala, ndipo munthu akafuna kuswali ankayamba wasuntha ndowa.

Sauda atakhala ndi pakati, mawu anabwera kuchokera kumudzi: abwere adzachirire kwawo, mwana woyamba sabadwira m'kachipinda ka lendi. Halidi ankawadziwa amuna anzake amene akazi awo anapita kukachira osabwereranso, ana n'kumakula akudziwa bambo awo ngati nkhope ya pa foni basi. Iye sanafune zimenezo.

"Uwauze abwere okha adzaone," anatero. "Chipatala chili pafupi, nyumba ilipo. Uwauze kuti ndi yosanja."

Sauda anayang'ana kudenga, n'kuyang'ananso mwamuna wake. "Yosanja iti, bambo?"

"Iwe ungowauza."

Sikuti ankanama kwenikweni. Denga la chipindacho linali la simenti yokhayokha, losalala. Malemu mwamuna wa mastende analiumba kuti adzamange pamwamba, koma imfa inamupeza asanayambe. Halidi anaganiza kuti akamanga kachipinda pamenepo, apongozi adzakhala ndi pogona paokha, paulemu, ndipo adzaona ndi maso awo kuti munthu amene analephera kuotcha njerwa ku Namwera wamanga nyumba yosanja ku Joni. Mastende sanavute.

"Manga, abuti, m'bale wanga," anatero, "koma usandidutsire pa mpopi."

Kachipindako sikanavute. Mapaleti otayidwa, malata ogula kwa ogulitsa zakale, kawindo kamodzi, basi kanaima. Ankakwerako ndi makwerero obwereka. Chimene chinamutulutsa thukuta ndi masitepe. Malo ake anali ochepa, pakati pa khoma ndi mpopi uja, pomwe amuna a pa yadi ankakhala pa makireti akaweruka n'kumasewera makhadi. Halidi anaonera mavidiyo pa foni mpaka maso kufiira. M'mavidiyomo anthu anali ndi masowo a magetsi, matabwa owongoka ngati nsungwi, ndi mabwalo oti masitepe atha kugona mmene akufunira. Iye anali ndi sowo yobuntha, hamala yogwedera mpini, matabwa awiri aatali ndi mulu wa zidutswa.

Masamu a m'mavidiyo aja anawasiya. Muyeso wake unali mwendo wake. Ankakweza phazi kufika pomwe bondo likumva bwino, n'kulemba pathabwa ndi msomali. Anaiwala kuti mwendo wa munthu amene amakwera makwerero a mumgodi tsiku ndi tsiku, mtengo uli paphewa, si mwendo wa aliyense. Ulendo woyamba anadula mokhota, zopondapo zonse zinapendekera mbali imodzi. Anazula, n'kuyambiranso. Manja anachita matuza, matuzawo anaphulika. Anapala matabwa ndi sandipepa mpaka kusalala, anapaka vanishi, fungo lake linadzaza yadi yonse. Matabwa anangokwana opondapo okha. Pakati pa sitepe ndi inzake panali mpata woti munthu ali pansi ankaona mitambo.

A Ackson, madala a ku Ntcheu amene anakalambira m'migodi ndipo ankakhala chipinda choyandikana, anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja. Anayang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Aikona, mfana! Ukufuna apongozi akwere shafiti ya mgodi? Uwagulirenso chipewa ndi nyali."

"Madala, inuyo zaka zonsezi munamangapo chiyani ku Joni kuno?"

"Palibe. N'chifukwa chake palibe chinandigwerapo."

Amuna a makhadi anaseka. Halidi anakhomanso msomali wina pamalo pomwe panali kale msomali.

Sauda naye anayankhulapo, koma motsitsa mawu, akuanika zovala. "Bambo, amayitu savala thalauza."

"Chogwirira ndiika. Sagwa."

Sauda anapitiriza kuanika zovala. Mwamuna wake anali atamva za kugwa zokha, ndipo nkhope yake inali yowala ngati ya mwana amene wapambana mayeso. Ndani akanaizimitsa?

Mayi Sainabu anafika masana a tsiku Lamlungu, fumbi la ulendo lili m'mapazi, mpango uli bwinobwino kumutu. Halidi anachita zonse mwa mwambo. Ananjuta patali, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja mofatsa. Moni wake unadutsira mwa Sauda, ndipo yankho linabwereranso mwa Sauda, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Atamwa madzi ndi kupuma, Halidi anati amayi akaone chipinda chawo. M'mwambamo munali bedi la matabwa, matilesi atsopano, katani yamaluwa ndi mkeka woswalira. Pawindo munthu ankaona nsanja ya shafiti ndi mapiri a cha ku Phokeng. Halidi anathamangira patsinde pa masitepe n'kuima pomwepo, dzanja lili pachogwirira, kuti apongozi akaterereka awawakhe.

Mayi Sainabu anaima. Anayang'ana masitepe aja mmene anaimirira chilili. Anayang'ana mipata ija. Anayang'ana amuna amene anakhala pa makireti kunsi kwake, makhadi ali m'manja, kenako mkamwini ali patsinde mutu uli chagada. Anakoka chitenje chawo n'kuchimanganso mwamphamvu.

"Sauda, tawafunse amuna akowa. Kwawoko akazi amakwera mumtengo amuna atakhala pansi n'kumayang'ana kumwamba?"

Makhadi anasiya kulira. Amene ankamva Chichewa anazyolika, mmodzi anatsokomola kubisa phwete. Apo m'pamene Halidi anaona chimene anamanga. Masabata onse aja ankayang'ana masitepewo ngati munthu wokwera. Sanakhalepo pansi n'kuyang'ana ngati munthu wokhala pa kireti. Anachotsa dzanja pachogwirira ngati chatentha, n'kubwerera m'mbuyo.

"Uwauze kuti palibe vuto," anatero kwa Sauda. "Agone pansi ndi iwe. Ine ndizigona m'mwamba."

Sauda sanachite kunenanso, amayi ake anali atamva. Koma mayiwo anayankhabe akuyang'ana mwana wawo.

"Ine ndigone, mapazi a mkamwini azipondaponda pamwamba pa mutu wanga? Ulendo wonsewu ndinabwerera kudzapondedwa?"

Motero nyumba yosanja ija inasowa wogonamo m'mwamba. Apongozi sakanakwera, mkamwini sakanakweranso. Halidi anatenga bulangete n'kukapempha malo pansi m'chipinda cha a Ackson, pakati pa nsapato zakale za mumgodi ndi ndowa ya malasha. Madalawo sanamusekenso. Anangosuntha ndowa.

Komabe Halidi sanagonje. Anati ngati vuto ndi mipata, atseka mipata. Akaweruka ankafikira pa masitepe asanasambe n'komwe. Anaphwasula shelefu ya mbale, anazula matabwa a bedi limene anakhomera apongozi m'mwamba muja, n'kutseka mpata uliwonse. M'mbali anakhomamo masaka kuti pasaoneke ngakhale chidendene. Apongozi ankakhala pakhomo akusenda anyezi, osayang'anako n'kamodzi komwe, koma osanenanso za ulendo wobwerera kumudzi ndi Sauda. Halidi anati kukhala chete kumeneko ndi mwayi wake.

Atamaliza, anakwera kuti ayese, ndipo anazindikira vuto lina. Poyamba zala za kuphazi zinkalowa mumpata muja, phazi lonse n'kukhazikika. Tsopano zala zinkagunda thabwa, chidendene n'kutsala m'malere. Masitepe anali opapatiza kuyambira kale, mipata ija ndiyo inkabisa. Anakwera cham'mbali ngati nkhanu, anatsikanso cham'mbali. Kuti awakonze ankafunika kuwagoneka, ndipo kuwagoneka kunali kudutsa pa mpopi wa mastende. Sanauze munthu. Anangoti mwina apongozi ali ndi mapazi aang'ono.

Loweruka masana, Sauda anaona kuti mwamuna wake wakhala pa kireti, hamala ili pamwendo, akudikira chiweruzo chimene sichikubwera. Chifundo chinamugwira.

"Amayi, taonani, atsekatu ponse. Palibe angaone kanthu. Ndikwere ine muone."

Halidi anaimirira. Mawu akuti usakwere anafika pa lilime, koma kuwatulutsa kunali kuvomera pamaso pa apongozi kuti walepheranso. Anachedwa nawo. Sauda anali atagwira kale chogwirira, akukoka thupi lake lolemera. Mimba inkamubisira mapazi. Anakwera pang'ono, akumwetulira amayi ake, kenako chidendene chinaphonya. Anatsetsereka chafufumimba, dzanja likadali pachogwirira, n'kukhala pansi kuti phi! Bondo linasupuka.

Ku kiliniki anamuyeza n'kunena kuti mwana ali bwino. Halidi anathokoza Mulungu mokweza mpaka anesi anamuyang'ana. Koma atabwerera kunyumba anapeza apongozi akupinda zitenje. Sanakalipe, sanatukwane. Akanakalipa bwenzi zili bwino, munthu amapepesa. Iwo ankangopinda, chitenje chawo, chitenje cha Sauda, matewera amene Halidi anagula, n'kumaika m'chikwama chimodzi.

"Uwauze kuti ndigwetsa onsewo," anatero Halidi ali pakhomo. "Ndifunafuna yadi ina. Ya zipinda ziwiri, zapansi."

"Uwauze kuti tinyamuke miyezi isanakwane, a basi asanayambe kukukana," anatero mayi Sainabu kwa mwana wawo.

Halidi anawaperekeza ku renki, chikwama chili pamutu pake. Apongozi analowa m'teksi n'kukhala kuwindo la mbali inayo. Sauda anatsalira pang'ono pakhomo la teksi, wotolera ndalama akumufulumizitsa m'Chitswana.

"Munayesetsa, bambo," ananong'ona.

Akanamutukwana sizikanamuwawa ngati mawu amenewo.

Sipanapite nthawi, mastende anati zipinda ziwiri munthu mmodzi n'kuwononga malo. M'mwamba muja munalowa mnyamata wina wa ku Mozambiki, amene amakwera masitepewo chothamanga, akuimba mluzu. Halidi anabwerera m'chipinda chake chapansi, ndipo akadali momwemo. Ntchito ikapezeka amatsika mumgodi, ikasowa amakhala ndi a Ackson padzuwa.

Mwana anabadwira ku Mangochi, wamkazi. Dzina anamutcha ndi amalume ake a Sauda, ndipo Halidi analimva pa foni ngati mmene munthu amamvera nkhani za eni: Zuwena. Anafunsa kuti abwera liti. Sauda anati amayi akuti mwana ayambe wakhwima. Mwana atakhwima anafunsanso. Sauda anati amayi akuti ayambe wayenda.

Mwezi wathawu Halidi anaimbanso. Ali mkati molankhula anamva nkhuku zikuthawa, kamwana kakuseka, ndi mawu a apongozi chapatali akuti, "Mugwireni uyo, alowa m'dimba!"

"Wayendatu ameneyo," anatero Halidi.

"Eya, wayenda," anatero Sauda.

"Ndiye?"

"Amayi ali pompano, bambo. Ndikuimbirani."

Halidi anakhala ndi foni m'manja mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Sauda sanaimbe.